Musathamangire liwiro powombera chandamale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata amene akuphunzira masewera owombera chandamale. Ambiri akufuna liwiro msanga, n'kumangotaya zipolopolo.

Yambani ndi mfuti yopanda chipolopolo, mutaonetsetsa kuti ilibedi, mphunzitsi ali pompo. Sanjikani kandalama kachitsulo pampope wa mfutiyo, tulutsani mpweya pang'ono, gwirani, kenako finyani chala pang'onopang'ono. Kandalamako kakagwa, chala chanu n'chimene chikugwedeza mfuti.

Taonani a mpikisano wa biathlon, wophatikiza kuthamanga motsetsereka pa chipale chofewa ndi kuwombera chandamale. Amafika akupuma wefuwefu, n'kuwombera kasanu pa mtunda wa mamita 50, ndipo akagona chafufumimba chandamale chake n'cha mamilimita 45 okha. Tsaya amaliika pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndiye sachedwa kulunjika.

Wotchi yoyezera liwiro muitulutse zipolopolo zanu zikayamba kugwera pamodzi.

Ine wanu,
Wokonda masewera owombera