Zikomo chifukwa chokana kudzaza silinda yanga

Kwa Oyang'anira kampani,

Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze mmodzi wa antchito anu, bambo amene amakhala pa sikelo, chifukwa sabata zitatu zapitazo anakana kundidzazira gasi. Pa nthawiyo zinandiwawa, poti ndinali nditabwera ndi ndalama m'manja ndipo kunyumba ankandidikira.

Silindayo ndinakhala nayo zaka zambiri ndipo m'maso mwanga inalibe vuto. Bambowo anaipendeketsa n'kundionetsa dzimbiri lomwe linali litadya kunsi kwake, kumene ine sindinkayang'anako n'komwe. Kenako analoza zilembo zodindidwa pachogwirira: mwezi ndi chaka chimene inapangidwa, komanso kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Nthawi yoti ikayesedwenso inali itadutsa kale. Anandiuza modekha kuti m'silinda gasi amakhala wamadzimadzi ndiponso wopanikizika kwambiri, choncho chitsulo chimene dzimbiri lachidya si chochidalira m'nyumba mogona ana.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti sanandibisire za ndalama. Anati ulendo uno ndisinthanitse, ndisiye yakaleyo kuti ikaunikidwe, nditenge ina yoyesedwa. Koma anawonjezera kuti silinda ikakhala yabwino, kudzazitsa n'kumene kumapulumutsa thumba, chifukwa munthu umalipira makilogalamu okhawo amene alowa. Posinthanitsa, gasi amene watsalira m'silinda yako amapita nayo limodzi, ndipo palibe amene amakubwezera. Ndikaganiza masilinda amene ndinkabweza kwina akulemerabe ndithu, ndimamva chisoni. Munthu wogulitsa amene amauza kasitomala njira yotsika mtengo sapezekapezeka.

Silinda yatsopanoyo anaiyika pasikelo ine ndikuona, n'kuchotsera kulemera kwa chitsulo kuti ndidziwe gasi weniweni amene ndagula. Nditaigwedeza ndinamva kuti muli mpata, ndiye ndinafunsa ngati sanandibere. Sanakhumudwe. Anafotokoza kuti silinda imadzazidwa kufika pa 80 peresenti basi, chifukwa kukatentha gasi amafufuma ndipo amafuna malo. Yodzaza mpaka kukhosi ndi imene ili yoopsa, makamaka ikasiyidwa padzuwa kapena m'galimoto yotseka mawindo. Anandithandiza kuinyamula n'kuimangirira choimirira, n'kundichenjeza kuti ndisamaigoneke.

Tisanasiyane anandiphunzitsa zinthu ziwiri zimene ndinali ndisanamvepo. Choyamba, gasi wa propane, mtundu wa gasi wophikira amene amathira m'masilinda, payekha alibe fungo. Fungo lija longa la mazira owola amachita kuthiramo dala, ndi mankhwala otchedwa ethyl mercaptan, kuti mphuno itichenjeze. Chachiwiri, gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akamatuluka sakwera kudenga koma amayenderera pansi n'kudikha m'makona. Ukamva fungolo, anatero, tseka valavu, tsegula zitseko ndi mawindo, usayatse machesi, ndipo usakhudze ngakhale switchi ya magetsi.

Nditafika kunyumba ndinachita zomwe anandiuza. Ndinasungunula sopo m'madzi n'kupaka thovu pamene paipi imalumikizana ndi regyuleta, kachipangizo kapamwamba pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi. Posakhalitsa tinaona timathovu tikutukumuka pamalo amodzi. Paipi inali itang'ambika pang'ono, mng'alu woti ndi maso okha sungauone. Kwa miyezi ingapo tinkamva kafungo m'mawa uliwonse n'kumaganiza kuti ndi mmene gasi amakhalira, komanso tinkadabwa kuti akutha msanga bwanji. Usiku umenewo sindinagone bwino poganizira kuti mwana wanga wamng'ono amakonda kusewera pansi pomwepo. Kutacha ndinagula paipi ina, ndipo fungo lija linatheratu.

Dzina la bambowo sindinafunse, koma ndikhulupirira kuti muwadziwa. Chonde muwauze kuti kasitomala amene anachoka nkhope ili gwaa tsiku lija akuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Ndikuthokozanso inuyo powaphunzitsa ntchito ndi kuwalola kubweza silinda yoipa ngakhale zitatanthauza kutaya malonda.

Ndili ndi pempho limodzi. Zimene anandiuzazi muzilembe pachikwangwani chachikulu pafupi ndi sikelo, makamaka za thovu la sopo ndi za kuwerenga chaka pachogwirira. Pamzere tsiku lija panali anthu ambiri, ndipo bambo mmodzi sangakwanitse kufotokozera aliyense monga anachitira ndi ine.

Ine kasitomala wanu woyamikira