Yuleya ndi mpweya wa m'khola n'pachibale

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndiyankhulepo za feteleza, koma osati zamakuponi ayi, zimenezo tatopa nazo, kuyambira FISP ya 2005 mpaka AIP nyimbo yake ndi imodzimodzi, thumba lakwera, forex kulibe, katundu akadali ku Beira. Ine ndimalima kachewere kuno ku Lizulu komanso ndili ndi ng'ombe zinayi, ndowe zake timathira m'thanki ya bayogasi kuseri kwa khola, mayi akunyumba amaphikira tiyi pakamoto kabuluu kaja kosadetsa poto. Ndiye mphwanga amene akuphunzira chemical engineering atabwera pa holide anaima pakastovupo n'kunena kuti malume, mpweya mukuwotchawu ndi methane, yuleya mukumulirayo amachokera ku mpweya womwewu, kungoti mafakitale amagwiritsa ntchito wokumba pansi. Ine kuseka, ndimati sukulu yamuzunguza mutu mwanayu.

Anatola khala n'kuyamba kujambula pasimenti yapakhonde. Akuti methane ndi kaboni mmodzi wogwirana ndi mahaidrojeni anayi, ndipo kugwirana kwake n'kwankhanza, kuti asiyane amamusakaniza ndi nthunzi yamadzi m'mapaipi odzaza chitsulo chotchedwa nickel n'kutenthetsa madigiri 800 kupita m'tsogolo. Haidrojeni akamasuka amamukwatitsa ndi naitrojeni wa mumpweya tikupumawu, pamenepo wabadwa amoniya, njira ya akatswiri awiri a ku Germany, Haber ndi Bosch, imene fakitale yake yoyamba inatsegulidwa ku Oppau m'dziko la Germany mu 1913. Amoniyayo akaphatikana ndi carbon dioxide ndiye yuleya, 46 timawerenga pathumba uja ndi peresenti ya naitrojeni.

Chimene chinandigwira mtima ndi chipangizo akuchitcha membrane reactor. Poyamba sindimamva kanthu mpaka anandipatsa chitsanzo cha pamsika pathu pompano. Milu ya kachewere ikangokhala osagulidwa ngolo zakumunda zimaima, wina amabwerera nazo kumene, koma lole ya ku Blantyre ikafika n'kupakira, eee ngolo zimayambanso kukhamukira. M'paipi muja ndi chimodzimodzi, haidrojeni akaunjikana ntchito imaima methane wina asanasweke, n'chifukwa chake amakakamiza ndi moto woopsa uja. Tsono akatswiri anaika kapaipi kena mkati mwa paipi yaikulu, khoma lake analikuta ndi chitsulo cha palladium chopyapyala kuposa tsitsi, chimene chimalola haidrojeni yekha kudutsa, ngati sefa koma sefa yake yosankha mtundu umodzi basi. Haidrojeni akangobadwa akutuluka pomwepo, ntchito ikupitirira, moto ungatsike kufika cha m'ma 500 ndi 550, ndipo amene watulukayo ndi woyera kale, palibenso zomanga chinyumba china chomuyeretsera. Mwa ichi chipangizocho chingathe kukhala chaching'ono, si zimafakitale zodzaza mudzi zija ayi.

Pajatu ndine mlimi, ndinafunsa msanga kuti ndiye ng'ombe zangazi zindipatsa matumba angati. Anapukusa mutu. Palladium ndi wodula zedi, wambiri amakumbidwa ku Russia ndi South Africa, ndipo ndi wosachedwa kudwala, kafungo ka dzira lovunda timamva tikatsegula thanki kaja ndi ka mpweya wokhala ndi sulphur ndipo amapha sefayo, mwaye wa kaboni nawonso umaitseka, ikangong'aluka pang'ono zonse zimadutsa. Mpweya wa khola limodzi n'ngwophikira tiyi womwewo basi, asakunamizeni munthu. Mpaka pano mafakitale akuluakulu akadali panjira yakale ija.

Koma nachi chandilembetsa kalatayi. Kuno msewu wa M1 ndiwo malire, ukangowoloka kukagula kabichi uli ku Angonia. Anzathu a ku Mozambique omwewa gasi wokumba pansi uja ali naye, wa ku Pande ndi Temane wakhala akuyenda m'paipi ya makilomita 865 kupita ku Secunda m'dziko la South Africa kwa kampani ya Sasol kuyambira 2004, kumpoto ku Cabo Delgado kulinso wina wochuluka kuposa pamenepo. Ife anansi enieni, okwatirana nawo, tikudikira yuleya wa pasitima wochokera kutsidya la nyanja. Aphungu athu a Ntcheu ndi Dedza akaima m'nyumba ya malamulo amafunsa za chiwerengero cha olandira makuponi, ine ndikufuna ndimve mmodzi yekha atafunsa kuti feteleza ameneyu amapangidwa ndi chani ndipo ife tikulephera pati.

Sindikupempha fakitale mawa. Ndikupempha kuti pa mabiliyoni timathira ku sabuside chaka ndi chaka patapulidweko kachepe kogulira ana athu zipangizo zoyesera m'malabu, ayambe ndi kuyeretsa bayogasi wa m'makola ndi zinyalala za pamsika, pa Lizulu pano masamba a kabichi amawola milumilu. Mphwangayu membrane reactor amaijambula bwino ndi khala, koma nditamufunsa ngati anaigwirapo ndi manja anati anangoiona pa laputopu. Akonzi tumizani mtolankhani wanu akazungulire m'mayunivesite athu, akaone zimene zili m'malabumo adzatiuze.

Mlimi wa kachewere,
Lizulu, Ntcheu