Lipoti kwa eni ndi madalaivala a minibasi ndi ma taxi a ku Zomba pa nkhani yoyeza utsi wa galimoto

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, mabwana ndi madona, anzanga a pa depoti ndi a m'masiteji a Chinamwali, Matawale ndi Mpondabwino, landirani moni.

Munandituma ku msonkhano wokambirana za kuyeza utsi wa galimoto, ndipo munandisenzetsa mawu awiri. Oyamba anali oti ndikakane chilichonse chobwera kudzawonjezera mtolo pa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Achiwiri anali oti ndikanene poyera kuti ena mwa anthu oyeza galimoto amagwira galimoto zathu mosasamala. Achiwiriwa ndinakatula onse, osasiyako ndi amodzi omwe. Oyambawo ndinatula theka, ndipo chifukwa chake muchipeza m'munsimu.

Ndiyambe ndi kuzimitsa mphekesera imene yayamba kale kuyenda pa siteji. Sunali msonkhano wolengeza lamulo kapena mtengo watsopano. Palibe amene anaimirira n'kunena kuti kuyambira tsiku lakutilakuti galimoto yofuka izichotsedwa pamsewu. Kunali kumva maganizo basi. Kunabwera eni galimoto a ku Liwonde, Balaka, Mangochi ndi Phalombe, amakaniko, anthu angapo amene ntchito yawo ndi yoyeza galimoto, komanso mayi wina wa zaumoyo.

Mayiwo ndi amene anayamba. Anati bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 mpweya woipa wa panja unafupikitsa moyo wa anthu pafupifupi 4.2 miliyoni padziko lonse, ndipo kuyambira 2012 utsi wa dizilo uli m'gulu la zinthu zimene zinatsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Manambalawo anthu anangowamvera mwaulemu. Chimene chinatitseka pakamwa ndi funso limene anafunsa pambuyo pake: minibasi ikaima pa depoti injini ikulira, kudikira kuti idzaze, amapuma utsiwo tsiku lonse ndani? Si bwana wa mu ofesi. Ndi kondakitala wathu, mnyamata woitanira, mayi wogulitsa nthochi kuseri kwa ekizozi mwana ali kumbuyo, ndi wakabaza amene amatitsatira pa chitunda. Kunena zoona, pamenepo ndinalibe choyankha, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale inu mukanakhalapo mukanangoyang'ana pansi.

Bambo wina anawonjezera kuti lipoti la 2020 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a ku Ulaya, America ndi Japan anagulitsa kunja galimoto zing'onozing'ono zogwiritsidwa kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 zilizonse zinabwera ku Africa. Ku Japan galimoto imayezedwa ikakwanitsa zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndiye ambiri amaigulitsa isanayambe kuwadyera ndalama. Ma Sienta ndi ma Hiace athuwa njira yake ndi imeneyo. Anzathu a ku Kenya salola galimoto yopitirira zaka zisanu ndi zitatu kulowa m'dziko mwawo.

Tsopano ku zimene ndinaona ndi maso, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Masana tinatuluka panja pomwe anaimika galimoto ziwiri, ya petulo ndi Hiace yakale ya dizilo.

Ya petulo ilibe zoopsa. Injini ikatentha amalowetsa kapaipi mu ekizozi, makina n'kuwerenga mpweya galimoto ikulira payokha, kenako amaponda moto pang'ono mpaka muvi ufike pakati pa 2,500 ndi 3,000, n'kuugwira pamenepo kanthawi. Liwiro la injini lotere timalipitirira tsiku lililonse pokwera ku Ku Chawe. Chimene akufuna kwenikweni ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka komanso sununkha, ndi petulo wotuluka osapsa. Galimoto yooneka yoyera ku ekizozi ikhoza kulephera, makamaka ngati catalytic converter, chipangizo cha mu ekizozi chochepetsa mpweya woipa, inachotsedwa. Ndipo tisanamizane, ambiri tinachotsa kapena anatichotsera ku galaja osatiuza, poti m'kati mwake muli platinum, palladium ndi rhodium zimene ogula zitsulo amazisaka.

Ya dizilo ndiye ina. Makina ake amayeza kuda kwa utsi, ndipo kuti utsiwo utuluke woyeza amaponda moto mpaka pansi galimoto ili chiimire, giya ili pa nyutulo, injini n'kukuwa mpaka pamapeto pake, kenako amasiya, n'kubwerezanso. Bambo amene ankatisonyeza sanathamangire ku mpando. Anayamba watsegula injini, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabwezera, kukasololanso. Anayang'ana madzi. Anafunsa mwini galimoto kuti timing belt, lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapisitoni, anasintha liti. Anailiza n'kuisiya mpaka itatentha, akumvetsera khutu lili pafupi. Atatero ndi pamene anaponda. Utsi woyamba unali bii, moti amene anaima kumbuyo anabalalika akutsokomola. Kenako makaniko wina anatulutsa sefa ya mpweya, yomwe inali itatsekeka ndi fumbi lofiira la misewu yathu ya ku Jali ndi Chingale, n'kuikamo yatsopano. Atabwereza, nambala ya pa makina inatsika tonse tikuona. Sefa yokha, osakhudza pampu kapena manozo.

Bambo amene ankatisonyezayo anatiuza kuti ku Britain, pa mayeso awo a galimoto otchedwa MOT, woyeza amayenera kuonetsetsa kuti injini yatentha ndipo oyilo ndi wokwanira asanaponde, ndiponso ali ndi ufulu wokana kuyeza galimoto imene akuikayikira kuti ingawonongeke. Mawu amenewa ndinawalemba ndi zilembo zazikulu, chifukwa akutanthauza kuti ngakhale eni makinawa amavomereza kuti mayesowa akhoza kupha injini ngati achitidwa mwachisawawa.

Titabwerera m'kati, makaniko wina wachikulire wa ku Liwonde anatulutsa m'thumba timing belt yoduka ndi valavu yopindika, n'kuziyendetsa m'manja mwa aliyense. Lambayo anali atang'ambikang'ambika kunsi, mano ena atathothoka. Anati lamba wotere akhoza kukuyendetsani miyezi ngati mukuyendetsa mofatsa, koma mukamuponda mpaka pansi amaduka nthawi yomweyo, mapisitoni n'kumenya mavalavu, basi mwalowa mu ovaholo. Ndiye anafunsa: zikatero pamalo oyezera, wolakwa ndani, amene anaponda kapena amene anasunga lamba wakufa? Holo yonse inagawikana pakati, ndipo phokoso lake linatenga nthawi kuti lizizire.

Apa ndi pamene ndinaimirira ndi madandaulo anu. Sindinatchule dzina la munthu kapena la malo, monga tinagwirizana. Ndinanena za mnzathu amene galimoto yake inalizidwa ili yozizira n'kupondedwa moto ngati ya mpikisano, iye atauzidwa kuti adikire kunja kwa mpanda. Ndinanena za bampala imene inakhulidwa pokweza galimoto pa dzenje, woyendetsayo n'kuyankha kuti inabwera choncho. Ndinanena za kilatchi yonunkha, za mipando yodetsedwa ndi girisi, ndi za anyamata ena amene amalandira kiyi pa geti osadziwika ngati ndi antchito kapena madobadoba. Ndinatsindika kuti minibasi ndi munda wa mwini wake: ikagona sabata imodzi, dalaivala ndi kondakitala alibe cholowa, ngongole ya ku banki m'khonde siyidikira, ndipo ana amabwezedwa ku sukulu. A ku Mangochi ndi a ku Balaka anandivomereza, nawonso anali ndi nkhani zawo zofanana.

Panatulukanso zina zimene ife sitinaziganizire. Galimoto imene matayala onse anayi amakoka nthawi zonse ikaikidwa pa zogudubuza zoyezera mabuleki zimene zimazunguza matayala awiri okha, giyabokosi kapena difu zikhoza kuwonongeka. Za hybrid, zoyendera mafuta ndi magetsi, monga Aqua, Prius ndi ma Sienta ena, zimazimitsa injini zokha zikaima, ndipo pali njira yake yoiuzira kuti izilira osazima pa nthawi yoyeza. Munthu wosaphunzitsidwa amangoponda mwaukali poganiza kuti yafa. Eni ma taxi, iyi ndi yanu.

Oyeza galimoto nawo sanakhale chete, ndipo ndikanakhala wosakhulupirika kwa inu ndikanabisa zimene anayankha. Mmodzi wa iwo, bambo wofatsa ndithu, anavomera kuti pali anzake osasamala, makamaka mzere ukatalika ndipo aliyense akufuna kuweruka. Koma anati nafenso tili ndi zathu. Timabwereka matayala kwa mnzathu m'mawa n'kukabweza madzulo. Timathira oyilo wolimba kuti utsi wabuluu ubisale kwa maola awiri. Timazula babu la check engine pa dashibodi. Timabweretsa injini imene ikugogoda kale, ikafera m'manja mwawo n'kuyamba kufuula kuti atiphera galimoto. Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene wagwidwa. Wina kumbuyo anakuwa kuti ngakhale Volkswagen inachita zomwezo, ndipo sananame: mu September 2015 zinaululika ku America kuti kampaniyi inaika pulogalamu yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso n'kuchepetsa utsi pa nthawi yokhayo, m'galimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse. Kuti akuluakulu anaba sizikutiyeretsa ife, koma zikusonyeza kuti kubera mayeso si matenda a pa depoti ya Zomba pokha.

Ine maganizo anga ndi awa. Kukana kuyeza utsi ndi nkhondo imene sitingapambane, ndipo sindikuona kuti ndi yoyenera kuimenya. Utsi wakuda ndi dizilo amene tagula ndi ndalama zathu akutuluka osagwira ntchito. Wabuluu ndi oyilo, kusonyeza kuti maringi kapena tebo zatha. Woyera wosatha injini itatentha nthawi zambiri ndi madzi, gasiketi yapita. Ndi mmene mafuta akudulira ndi kusowera masiku ano, amene akutaya kwambiri ndi mwini galimoto yofukayo. Nkhondo yathu yeniyeni ndi ya mphindi zija kiyi ili m'manja mwa munthu wina. Pamenepo ndi pamene tilibe chotiteteza, chifukwa chilichonse chimathera pa mawu anga ndi mawu ako.

Choncho ndinapempha, ndipo ambiri anagwirizana nazo, kuti kiyi isanaperekedwe pazikhala pepala lolembapo mmene galimoto yafikira: makilomita, mafuta, pamene pali pokhulika, magetsi amene akuyaka pa dashibodi, onse awiri n'kusaina. Mwini kapena dalaivala aziloledwa kuima pamalo otetezeka pomwe akuona zonse. Woyendetsa galimoto yathu akhale wantchito wovala chomuzindikiritsa, dzina lake lilembedwe pa pepalalo. Injini ya dizilo isapondedwe isanatenthe komanso oyilo asanaonedwe, ndipo ngati woyeza akukayika, anene n'kubweza galimoto osati kuyesa mwayi ndi chuma cha mwini wake. Zotsatira zituluke pa pepala losindikizidwa ndi makina, osati zapakamwa, chifukwa pamene nambala ili m'mutu mwa munthu m'pamene ya fanta imalowera. Makinawo nawonso aziyezedwa, zomwe wina anati ndi ntchito yoyenera a Malawi Bureau of Standards. Pa mfundo ya amene alipire galimoto ikawonongeka ndiye sitinamvane. Ife tinati malo oyezera akhale ndi inshuwalansi yake. Iwo anati avomera pokhapokha mwini galimoto atasaina kuti lamba ndi oyilo zili bwino. Nkhaniyi inatsala m'malere.

Za ndalama ndinanena motere. Msonkho wa carbon umene unayamba mu 2019 unkawerengedwa potengera kukula kwa injini, osati utsi umene galimoto ikutulutsa, ndiye wosamala galimoto ndi wosasamala ankalipira chimodzimodzi. Ndinati ngati kuyeza utsi kudzakhwimitsidwe, kukhale m'kati mwa mtengo wa COF womwewo, ndipo galimoto yolephera ipatsidwe masiku okakonza n'kubwerera osalipiranso. Pamenepa ndi pamene ndinasiyana ndi mawu anu oti ndikakane zonse. Amene akuona kuti ndinapyola malire a utumiki wanga adzanene pa msonkhano wathu, ndili wokonzeka kuyankha.

Pakali pano pali zimene tingayambe tokha osadikira aliyense. Popita ku COF jambulani galimoto mbali zonse ndi foni muli pa geti, dashibodi ikuoneka. Musapite ndi injini yozizira. Iyendetseni kaye ngakhale kukafika ku Thondwe kapena ku Songani n'kubwerera. Oyilo asachepe komanso asapyole mzere, chifukwa wochuluka ndi woopsanso pa dizilo. Ngati simukudziwa kuti timing belt inasinthidwa liti, ndipo ambiri amene tinagula galimoto kwa anzathu sitidziwa, pitani kwa makaniko akaione. Ndalama, ma flash ndi mapepala ena chotsani m'galimoto musanapereke kiyi, kuti tisamanamizire anthu osalakwa.

Okonza msonkhanowo anatipempha kuti gulu lililonse litumize maganizo ake olembedwa. Ndikupempha a komiti kuti asankhe anthu atatu oti tithandizane kulemba kalatayo, pakhale mwini minibasi, mwini taxi ndi dalaivala. Aliyense amene galimoto yake inawonongekapo poyezedwa apereke kwa a mlembi nambala ya galimoto, mwezi umene zinachitika, chimene chinawonongeka ndi lisiti la ku galaja ngati lilipo. Zongomva kwa anzanu tisiye kaye, chifukwa kalata ikakhala ndi nkhani imodzi yabodza adzakana zonse. Ndalama yotsala pa imene munandipatsa ndabweza kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu