Kalata kwa Nduna ya Zamaphunziro: Titsegulireni Fomu 5 ndi 6 Kuno ku Thyolo

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wopuma wa sayansi, ndimakhala ku Luchenza, ndipo pempho langa ndi limodzi. Boma litsegule Fomu 5 ndi Fomu 6 pa sukulu imodzi yaboma kuno ku Thyolo kapena ku Mulanje, kuti ana okhoza bwino MSCE aziphunzira A Level popanda makolo awo kugulitsa munda.

Maphunzirowa si achilendo m'dziko muno. Ku Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi ku St Andrew's mu Blantyre ana amalemba mayeso a ku Britain a IGCSE kenako A Level, pomwe ku Bishop Mackenzie ku Lilongwe amatsata ndondomeko ina yakunja yotchedwa IB. Mwana wa A Level amasankha maphunziro atatu kapena anayi okha n'kuwakumba mozama zaka ziwiri, ndipo satifiketi yake imalandiridwa m'mayunivesite a ku Britain, South Africa ndi maiko ena ambiri. MSCE yathu kunjako amaiika pa mlingo wa O Level, womwe uli pansi pa A Level. Ndiye mwana wathu, ngakhale atapeza mapointi 6, kawirikawiri amauzidwa kuti ayambe wachita kaye chaka chokonzekera, cholipira yekha. Ngakhale konkuno, wofuna udokotala ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, akabwera ndi MSCE amayambira chaka chokonzekera cha premed, pamene wa A Level yabwino ya sayansi amatha kudumpha chaka chimenecho.

Sindikunyoza MSCE, a Nduna. Ndaiphunzitsa mpaka imvi, ndipo yatulutsa madokotala ndi mainjiniya amene akutumikira dziko lero. Chondiwawa n'chakuti njira inayo ndi ya okhawo amene ali ndi kangachepe. Fizi ya sukulu zimene zija mayi wothyola tiyi, dengu kumsana kuyambira mbandakucha, sangaikwanitse olo atasunga malipiro ake onse osagula mchere. Kuwonjezera apo, ndalama ya mayeso a Cambridge, bungwe la ku Britain lokonza mayeso a A Level, imawerengedwa m'mapaundi, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale makolo a m'tauni anayamba kukanda mutu. Nanga wa ku Thekerani kapena ku Muloza atani?

Ena andiyankha kuti tiyambe takonza sukulu zoyendera, zomwe zambiri zilibe ndi labotale yomwe. Akunena zoona, ndipo ine ndinaziona ndi maso. Ndaphunzitsapo titration, kuyesa mankhwala podontheza ena mwa ena, ndi choko: kujambula burette, kachubu kodonthezerako, pabolodi, kudontheza timadontho ta choko choyera, n'kuwauza ana kuti aganize kuti madziwo asintha mtundu. Iwo amalemba m'makope mokhulupirika, ena n'kudzakhoza ndi distinction. Koma mayeso a Chemistry ya A Level ali ndi pepala lakelake logwira ndi manja, mwana yekha ndi botolo lake, woyang'anira ali chilili. Pamenepo kuloweza sikuthandiza. N'chifukwa chake ndikuti sukulu imodzi yokha poyamba, yokhala ndi labotale yeniyeni, madzi otuluka pampopi ndi magetsi odalirika. Kukonza sukulu zoyendera kupitirire ndithu, koma mwana wanzeru amene ali Fomu 4 chaka chino sangadikire mpaka zonse zidzathe kukonzedwa.

Chifukwa chosankhira kuno chili poyera. Ku Ndata kuli yunivesite ya MUST, yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2014, ndipo ili ndi malabotale komanso akadaulo a masamu ndi sayansi. Mutakambirana nawo, ana a Fomu 6 angathe kumapita kumeneko masiku ena kukagwira zipangizo, ndiponso aphunzitsi athu angasulidwe komweko nthawi ya holide. Likulu la chigawo cha maphunziro cha Shire Highlands nalonso lili ku Mulanje konkuno, moti oyang'anira sadzafunika kuwotcha mafuta ambiri. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wobadwira pafupi ndi Ndata amangoona nyumba zimene zija akamapita kuchigayo.

Pa kasankhidwe ka ana ndi pamene ndikupemphani kuti muimepo nokha. Kamuzu Academy itatsegulidwa mu 1981 inkatenga ana anzeru kuchokera m'boma lililonse, osayang'ana kuti bambo wawo ndani. Nzeru imeneyo inali yabwino. Koma mukangotsegula makalasiwa n'kusiya chitseko chopanda mlonda, mudzapeza mipando yadzaza ndi ana a mabwana ochokera ku Namiwawa ndi ku Area 10, ife tikungosuzumira pawindo. Gawo la malo lisungidwire ana a sukulu zoyendera, chifukwa mapointi 14 opezedwa powerengera tochi ndi olemera kuposa mapointi 10 a mwana amene anali ndi mphunzitsi wapadera kunyumba. Atsikana akhale ndi theka la malo ndi hositelo yawo, osati kuchita lendi tizipinda kuseri kwa msika, kumene tonse tikudziwa zomwe zimawachitikira. Ndalama ya mayeso ilipidwe ndi boma mwachindunji. Makampani a tiyi nawonso apemphedwe kulipirira ana ena, popeza ambiri mwa anawa ndi a antchito awo omwe.

Kaya mayesowo akhala a Cambridge kapena MANEB idzakonza akeake ovomerezeka kunja, zimenezo akadaulo anu aunike. Ine ndingokupemphani kuti mukamakonza bajeti ikubwerayi muikemo sukulu imodziyi, ndipo mutumize anthu anu adzakhale pansi ndi aphunzitsi ndi makomiti a makolo kuno, tiwalozere malo amene ntchitoyi ingayambire.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, Luchenza