Kuwala kotsogolera mbandakucha kuja ndi fumbi

Akonzi,

Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale ina ya kumudzi. Mtsikana wina wa Fomu 3, amene amalawirira kudimba ndi amayi ake, anandifunsa za kuwala kotuwa kumene amakuona kummawa kunja kusanayambe kuyera. Akuti kumakhala kotakata pansi, kosongoka kumwamba ngati chulu. Amayi ake amati ndi mbandakucha, koma iye anaona kuti kumatulukira tambala asanalire kachiwiri.

Mwanayu ali ndi maso. Limenelo ndi fumbi la mumlengalenga lozungulira dzuwa, timiyala tating'ono kuposa mchenga, tikuwalitsidwa ndi dzuwa lisanatuluke. Amene analowapo m'chigayo masana akudziwa mmene ufa umaonekera pamene dzuwa lalowera pabowo la malata. Ndi zomwezo.

Fumbili silinamwazike mofanana. Lachuluka kufupi ndi dzuwa, nkumachepa ukamatalikira. Zombo ziwiri za Helios, zimene Germany ndi America anaponya mu 1974 ndi 1976, zinapeza kuti mtunda wochokera kudzuwa ukawirikiza kawiri, fumbi limachepa, lotsalalo osafika ndi theka lomwe. Chombo china, Pioneer 10, chimene chinanyamuka mu 1972, chitadutsa miyala yozungulira pakati pa Mars ndi Jupiter chinapeza kuti kuwala kuja kwazilala pafupifupi konse.

Chimene chimandigwira mtima ndi cha kufupi kwenikweni ndi dzuwa. Katswiri wa zakuthambo Henry Norris Russell ananena mu 1929 kuti kumeneko fumbi silingakhale, kutentha kumalisandutsa mpweya. Panadutsa zaka pafupifupi 90 kuti chombo cha Parker Solar Probe, choponyedwa mu 2018, chione fumbi likuyamba kuchepa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 11 miliyoni kuchokera kudzuwa. Fumbi lambiri limatsetserekera kudzuwa pang'onopang'ono nkuthera komweko, ndipo lina latsopano limachokera ku nyenyezi zamchira ndi miyala ikawombana.

Pempho langa, akonzi, ndi lakuti mutipatseko danga la nkhani zakuthambo m'Chichewa. Kuno kufupi ndi ikweta kuwalaku kumaoneka pafupifupi chaka chonse, pamene ku Ulaya amachita kudikira nyengo yake, ndipo midzi yathu ikadali ndi mdima wabwino. Ine ndapempha kale aphunzitsi aakulu ndi makolo kuti mwezi ukakhala mumdima, ana abwere 4 koloko mmawa tidzaimirire pabwalo la mpira, nkhope zitaloza kummawa.

Mphunzitsi,
Ntchisi