Zofufuza za AFIDEP tizimve m'Chichewa

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za bungwe la AFIDEP (African Institute for Development Policy), lochita kafukufuku wothandiza maboma popanga mfundo za chitukuko, lomwe ambiri timangolimva dzina pa wailesi osadziwa kumene linachokera.

Analiyambitsa ndi Mmalawi mnzathu, Dr Eliya Zulu, katswiri wa za chiwerengero cha anthu, m'chaka cha 2010 ku Nairobi, m'dziko la Kenya. Chinamuwawa n'chakuti akatswiri amachita kafukufuku wabwino, koma zotsatira zake zimangotuwa ndi fumbi m'mashelefu pamene nduna ndi aphungu akupanga malamulo mongoganizira. Iye anafuna kuti umboni uzifika patebulo la opanga mfundo nthawi isanathe.

Bungweli litakula linatsegula ofesi ku Lilongwe. Lagwirapo ntchito ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo linathandiza boma kuunika momwe kuchuluka kwa achinyamata kungatukulire chuma ngati atapatsidwa maphunziro, thanzi ndi ntchito. Nkhani imeneyi si yamasewera: kalembera wa 2018 anapeza kuti tinali oposa 17.5 miliyoni, ndipo ambiri ndi ana. Pambuyo pake bungweli linagwirizana ndi National Planning Commission, nthambi ya boma yokonza mapulani a chitukuko, komanso Copenhagen Consensus, bungwe lakunja la akatswiri a zachuma, powerengera kuti kwacha imodzi ingapindule kwambiri itaikidwa pati.

Dandaulo langa ndi limodzi. Malipoti oterewa amatuluka m'Chingerezi chokhwima, n'kukhazikitsidwa m'mahotela. Nanga a gulupu ndi makhansala, amene amatsogolera chitukuko kumudzi, awawerenga bwanji? Akonzi, tipatseniko tsamba limodzi pamwezi lofotokoza zofufuzazi m'chinenero chathu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Dedza