Za dokotala wa mendulo ziwiri

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako, inu ndi ana. Kuno ku Liverpool chisanu chayamba, mdima ukumagwa anthu tisanaweruke. Munafunsa za paki ya pachithunzi chija, kuti dzina lovuta kutchulalo n'la ndani. N'la banja la Chavasse, ndipo amene amatchuka kwambiri m'banjamo ndi Noel, dokotala wa asilikali. Poti nanunso ndinu a m'chipatala, mbiri yake ikukhudzani.

Anabadwa mu 1884 ku Oxford, mapasa ndi mbale wake Christopher. Bambo awo anadzakhala bishopu wa Anglican kuno. Anali aliwiro onse awiri, moti mu 1908 anathamanga mamita 400 pa Olimpiki ya ku London. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, Noel anapita ndi gulu la Liverpool Scottish ngati dokotala wawo.

Mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima kwa Angerezi ndi Victoria Cross. Anthu atatu okha ndiwo anailandirapo kawiri, ndipo awiri mwa iwo anali madokotala: Arthur Martin-Leake ndi iyeyu. Noel yoyamba anaipeza ku Guillemont, ku France, mu Ogasiti 1916. Gulu lawo litakanthidwa koopsa, tsiku lonse ankamanga mabala pamtetete adani akumuona, usiku n'kumakwawa kufunafuna ovulala mpaka mayadi 25 kuchokera pamaenje a Ajeremani. Anapulumutsa anthu pafupifupi 20, iyenso chitsulo cha bomba chitamulasa m'nthiti.

Komatu ine chimene chimandigwira mtima si usiku umenewo ayi. Munthuyu ankavutika ndi zinthu zimene sizipatsa munthu mendulo: nsabwe m'zovala za asilikali, mapazi owola chifukwa choima m'matope masiku ambiri, masokosi ouma, madzi otentha osamba. Mukudziwa inu kuti m'wodi ntchito yotereyi ndi imene aliyense amakankhira mnzake. Ngakhale anyamata amene mitu inkasokonekera ndi kulira kwa mizinga, amene akuluakulu ena ankangowatcha amantha, iye ankawaona ngati odwala.

Yachiwiri sanaione n'komwe. Pa 31 Julayi 1917 ku Wieltje, pafupi ndi Ypres ku Belgium, anavulala m'mutu akunyamula msilikali. Anamuuza apite kumbuyo akalandire chithandizo, iye anakana, n'kupitiriza ntchito masiku awiri m'mvula, osagona, osadya mokwanira. Pa 2 Ogasiti bomba linagwera m'chipinda chapansi chobisalamo chimene anasandutsa chipatala, n'kumung'amba pamimba. Anamwalira pa 4 Ogasiti ali ndi zaka 32, atatomera kale mkazi, ukwati usanachitike. Pena ndimati akanamvera bwenzi atapulumutsa ena ambiri m'zaka zotsatira, koma ndikaganiza za amene anali gone m'matope usikuwo, ndimasowa chonena.

Manda ake ali ku Brandhoek, ndipo pamwala wake anazokotapo mendulo ziwiri. Kuno ku Abercromby Square kuli chiboliboli chamkuwa, iye akuthandizana ndi wonyamula machira kukoka wovulala. Chinandikumbutsa a tengatenga athu amene anafera m'nkhondo yomweyo ku East Africa, ambiri osadziwika ndi maina omwe. Mukadzadutsa pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) mudzandijambulire, ndikufuna kuwaonetsa anzanga a kuntchito.

Mupereke moni kwa mayi, muwauze kuti mafuta a mawondo aja ndagula, ndikungodikira wobwera kumudzi.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Liverpool